Kasokedwe ka chofunda cha zigamba cha mwana

Chofunda cha zigamba chimakhala ndi nsalu zitatu zosanjikizana. Pamwamba pamakhala zigamba zolumikiza, pakati pamakhala chinthu chofewa chosunga kutentha, ndipo pansi pamakhala nsalu yathunthu imene imakhudza thupi la wofundayo. Zitatuzi zimasokedwa pamodzi kuti zisasunthe, kenako m'mphepete monse mumakutidwa ndi mpendero kuti ulusi usasomoke. Aliyense amene amatha kusoka mzere wowongoka, kaya pa makina kaya pamanja, akhoza kuimaliza ntchitoyi. Malangizo awa akulongosola kasokedwe ka chofunda cha masentimita pafupifupi 100 mulifupi ndi 130 mulitali. Ndasankha kukula kumeneku chifukwa chofunda chotere chimadutsa mosavuta pa makina wamba a pakhomo, ndiponso woyamba kumene satopa nacho asanachimalize.

Ndiyambe ndi chenjezo, popeza likukhudza moyo. Madokotala a ana amalangiza kuti khanda losakwana chaka chimodzi lisamagone ndi zofunda zofewa zimene zingaphimbe nkhope yake, choncho chofunda chimene tikusokachi ndi cha mwana wopitirira msinkhu umenewo. Khanda likhoza kusewerera pamwamba pake masana chitayalidwa pansi, wamkulu ali pompo. Ndiponso pa chofunda cha mwana wamng'ono musasokerepo mabatani, mikanda kapena china chilichonse chimene angathothole n'kuika m'kamwa.

Kusankha ndi kukonza nsalu

Nsalu yoyenera ndi ya thonje, yosatamuka, yokhuthala ngati ya malaya wamba. Zidutswa zotsala pa ntchito zina, malaya amene ana asiya kuvala, madiresi ndi nsalu zoyala pabedi, zonsezi zimagwira ntchito, malinga zikhale zolimba mofanana. Pa chovala chakale dulani malo amene sanaperepeseke, monga kumsana ndi m'munsi, ndipo musiye m'zigongono, m'mawondo, m'khwapa ndi pa kolala. Mukakayika, iyang'aneni nsaluyo poitambasula kumene kukuchokera kuwala, ndipo pamene kuwala kukudutsa kwambiri kuposa malo ena dziwani kuti pamenepo yatha. Chigamba chofooka chikakhala pakati pa zolimba ndicho chimayamba kung'ambika, pamene chofunda chonse chidakali chatsopano. Nsalu ya jinzi musaiphatikize ndi ya malaya opyapyala, chifukwa yolemerayo imakoka yopepukayo pa msoko mpaka kuing'amba. Ya matisheti nayo isiyeni kaye pa ntchito yoyambayi, popeza imatamuka ikamasokedwa ndipo ngodya zake sizikumana ndi za zinzake.

Ngati simukudziwa kuti nsalu ndi ya thonje kapena ya poliyesitala, dulani kachidutswa kakang'ono, kagwireni ndi chopanira pamwamba pa mbale ya madzi, ndipo kayatseni kutali ndi nsalu zina. Thonje limayaka msanga, limanunkha ngati pepala lopsa ndipo limasiya phulusa lofewa, pamene poliyesitala amasungunuka n'kusiya kambulu kolimba. Kudziwa zimenezi n'kofunika chifukwa pa ntchitoyi mudzasita kawirikawiri, ndipo simbi yotentha bwino pa thonje imatha kupsereza poliyesitala.

Nsalu zonse muzichape musanadule, makamaka zatsopano. Thonje latsopano limachepa likachapidwa koyamba, nthawi zambiri ndi masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse, pamene lakale linachepa kale. Mukalumikiza chigamba chatsopano chosachapa ndi chakale, tsiku lochapa chofundacho china chidzachepa china osachepa, ndipo makwinya amene adzabwere pamenepo simbi sidzawachotsa. Kuchapa kumaululanso nsalu zochucha mtundu, zimene kawirikawiri zimakhala zofiira ndi zabuluu wodera. Nyowetsani nsalu yokayikitsayo m'madzi ofunda, ipanikizeni pa kansalu koyera, ndipo ngati yasiya mtundu ichapeni mobwereza kufikira italeka. Ikapanda kuleka isalowe m'chofunda, ngakhale ikhale yokongola chotani. Zikauma zisiteni zonse, pakuti nsalu yamakwinya siyezeka bwino.

Chofunda chathu chikufuna zigamba 130, ndiye kuti mizere 13 ya zigamba 10 mzere uliwonse. Ngati mukugula nsalu ya masentimita 110 mulifupi, mita imodzi imatulutsa zigamba zosachepera 64, kotero kuti mamita awiri ndi kota, ogawidwa m'mitundu ingapo, amakwanira. Pa nkhani ya mitundu, maganizo anga ndi akuti kuwala ndi kudera kwa nsalu kumaposa mtundu weniweniwo pa kukongoletsa chofunda. Zigamba za mitundu yambiri koma zodera mofanana zimaoneka ngati chinthu chimodzi munthu akaima patali, pamene zowala ndi zodera zikasinthanasinthana diso limaona dongosolo ngakhale nsaluzo zitachokera ku zovala zosiyana kotheratu. Choncho gawani nsalu zanu milu iwiri, wa zowala ndi wa zodera, ndipo mulu uliwonse utulutse zigamba 65.

Zipangizo n'zochepa: sizasi yakuthwa imene simudulira china koma nsalu, rula, tepi yoyezera, pensulo yosongoka, katoni yolimba, mapini, mapinifolo, simbi, singano ndi ulusi. Ulusi wotuwa kapena wa mtundu wa khaki umabisala bwino pakati pa zowala ndi zodera zomwe, motero simufunika kusintha ulusi pa chigamba chilichonse.

Kudula zigamba

Pano ndi pamene ndikupempha kuti mufatse kwambiri, chifukwa zambiri zimene zimavuta kutsogoloku zimabadwira pa sizasi. Chigamba chilichonse chikhale cha mbali zinayi zofanana, masentimita 12 mbali iliyonse. Msoko udzadya sentimita imodzi mbali iliyonse, ndipo chimene chidzaoneke pa chofunda ndi masentimita 10. Ambiri odziwa ntchitoyi amasiya mamilimita 6 okha, koma kwa woyamba sentimita imodzi ndi yosavuta kuyeza, ndiponso imateteza nsalu zakale zimene ulusi wake umasomoka msanga. Muyezo uliwonse umene mungasankhe usasinthe kuyambira msoko woyamba kufikira womaliza. Mzere wa zigamba 10 uli ndi misoko 9, ndipo msoko uliwonse umadya zigamba ziwiri, choncho mukamaphonya ndi milimita imodzi yokha pa msoko uliwonse, mzerewo udzasiyana ndi unzake ndi mamilimita 18, ndipo pamenepo ngodya za zigamba sizingakumanenso.

Jambulani pateni pa katoni ndi rula, kenako yezani kuchokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yopingasana nayo, mbali zonse ziwiri. Miyezo iwiriyi ikhale yofanana, pafupifupi masentimita 17. Ikasiyana ndiye kuti pateni ndi yokhota, ndipo zigamba zonse 130 zidzatengera kukhota komweko. Konzani mapateni awiri kapena atatu, popeza m'mphepete mwa katoni mumadyeka ndi pensulo ndipo pateni imayamba kuchepa inu osazindikira. Pulasitiki yolimba yosapindika imakhalitsa kuposa katoni.

Ikani pateni kuseri kwa nsalu, mbali zake zitsatane ndi ulusi wa nsaluyo. Nsalu yolukidwa ili ndi ulusi woyenda mulitali ndi wina woyenda mopingasa, ndipo mukaikoka motsatira ulusi umenewu siitamuka kwenikweni, koma mukaikoka chopendeka, kuchokera ngodya kupita ngodya, imatamuka kwambiri. Chigamba chodulidwa chopendeka chimatalika pamene mukusoka ndi kusita. Mphepete yolimba imene nsalu yatsopano imabwera nayo kuchokera ku fakitale ichotseni, chifukwa imachepa mosiyana ndi nsalu yonseyo. Lembani mozungulira pateni ndi pensulo yosongoka ndipo dulani chamkati mwa mzere nthawi zonse, pakuti mzere wa pensulo umakhala kunja kwa pateni. Ndi sizasi musadule nsalu zoposa ziwiri nthawi imodzi, chifukwa zapansi zimatsetsereka. Amene ali ndi mpeni wozungulira wodulira nsalu, rula yake ndi mphasa yake akhoza kudula malamba a masentimita 12 n'kuwadulanso mopingasa, ndipo ntchito imafulumira, koma mpeniwo uzitsekedwa nthawi iliyonse ukaikidwa pansi, makamaka m'nyumba ya ana. Onjezani zigamba zingapo zapadera, zoyesera ndi zosinthira.

Ngati mudzasoka pamanja, lembaninso kuseri kwa chigamba chilichonse mzere wa msoko, sentimita imodzi kuchokera m'mphepete, chifukwa dzanja lilibe choliwongolera ngati makina.

Kuyala ndi kulumikiza

Musanasoke, yalani zigamba zonse pansi kapena pabedi monga momwe zidzakhalire, chowala kenako chodera, ndipo mzere wotsatira uyambe ndi chosiyana ndi chimene chayamba mzere wapamwamba pake. Imani patali muone ngati mtundu wina waunjikana malo amodzi. Kujambula ndi foni n'kuchotsa mitundu pa chithunzicho kumathandiza, chifukwa pamenepo zowala ndi zodera zimaonekera poyera, komanso chithunzicho chimakukumbutsani dongosolo zigamba zikasokonezeka. Mukakhutira, sanjikizani zigamba za mzere uliwonse kuyambira kumanzere, choyamba chikhale pamwamba, ndipo pa choyambacho panani kapepala kolembedwa nambala ya mzerewo.

Konzani makina. Singano ya nambala 80/12 ndi yoyenera nsalu zotere, ndipo ikhale yatsopano, chifukwa yobuntha imakoka ulusi wa nsalu. Masitichi akhale a mamilimita 2 mpaka 2.5. Yezani sentimita imodzi kuchokera pa singano kupita kumanja, ndipo pamenepo matani tepi pa makina kuti mphepete ya nsalu izitsatira tepiyo. Maso anu azikhala pa tepi, osati pa singano. Kenako yesani ndi zigamba zitatu zapadera zija: zilumikizeni, zisiteni, ndipo muyeze. Zonse pamodzi zikhale masentimita 32, ndipo chapakati chikhale masentimita 10 ndendende. Zikapanda kutero sunthani tepi ndi kuyesanso kufikira zitatheka. Mphindi zochepa zimenezi zimakupulumutsani ku kumasula misoko yambirimbiri pambuyo pake.

Tengani chigamba choyamba ndi chachiwiri, muziyang'anitse kumaso, mphepete zilingane, ndipo sokani mbali imodzi. Nsalu musaikoke kapena kuikankha, popeza mano a makina amaiyendetsa okha ndipo ntchito ya manja ndi kuiwongolera chabe. Mukamaliza ziwirizi musadule ulusi, koma lowetsani chachitatu ndi chachinayi pambuyo pake pomwepo, kenako chachisanu ndi chachisanu ndi chimodzi, mpaka mzerewo utakhala magulu asanu olendewera pa ulusi umodzi. Njira imeneyi imasunga ulusi ndipo imaletsa makina kumeza ngodya ya nsalu poyambira. Dulani timaulusi tolumikizato, lumikizani maguluwo motsatira dongosolo, ndipo mzere woyamba watha. Osoka pamanja atsate mzere wa pensulo ndi masitichi ang'onoang'ono, azibwerera m'mbuyo kamodzi pakatha masitichi anayi kapena asanu kuti ulusi ukaduka malo amodzi msoko wonse usamasuke.

Kusita ndi gawo la kusoka, ndipo sikuyenera kudikira kumapeto. Misoko yonse ya mzere woyamba igonekeni kumanja, ya mzere wachiwiri kumanzere, ya wachitatu kumanjanso, mosinthana chomwecho mpaka mzere wa 13. Simbi muziiika, kuipanikiza ndi kuinyamula, osati kuikhwekhwereza monga pa malaya, chifukwa kukhwekhwereza kumatamula zigamba. Mukasita kuseri tembenuzani musitenso kumaso, kuti pasatsale kampindo kobisika m'mbali mwa msoko, kamene kamachepetsa chigamba.

Phindu la kugoneka misoko mosinthana mudzaliona polumikiza mizere. Mukayang'anitsa kumaso mzere woyamba ndi wachiwiri, msoko wa pamwamba wagonera mbali ina ndipo wa pansi mbali inanso, motero iwiriyi imakodana yokha, ndipo mukaipanikiza ndi zala mumamva kuti yakhala pamalo pake popanda chotupa kapena mpata. Bayani pini pa mphambano iliyonse yotere, kenako kumapeto konse kuwiri. Musayambe ndi kulinganiza kumapeto, chifukwa diso la woona chofunda limapita pa mphambano. Chigamba china chikatalika pang'ono kuposa chinzake, chotalikacho chikhale pansi, kumbali ya mano a makina, amene amakoka nsalu yapansi mofulumirirapo ndipo amameza kusiyanako. Kusiyana kukapitirira mamilimita 3, masulani msoko wolakwikawo muusokenso, popeza kukakamiza kumabweretsa mapindo. Chotsani pini iliyonse singano isanaifike, chifukwa singano ikagunda pini imatha kuthyoka n'kuthethekera kumaso.

Lumikizani mizere iwiriiwiri, kenako magulu amenewo, m'malo mowonjezera mzere umodziumodzi pa chinsalu chimene chikungolemera. Msoko wina muuyambire kumanja, wotsatira kumanzere, chifukwa misoko italiitali ikayambira mbali imodzi yokha nsalu yonse imakhota pang'onopang'ono. Mukatha sitani misoko italiitaliyo mbali imodzi ndi kuyeza podutsa pakati, ndipo mupeze masentimita pafupifupi 102 ndi 132. Pomaliza sokani mozungulira m'mphepete monse, mamilimita 5 kuchokera kunja, kuti misoko ya kumapeto isayambe kumasuka pamene mukuinyamulanyamula nsaluyo.

Kusanjikiza nsalu zitatu

Chapakati chimene amagulitsa m'masitolo a zosokera chimatchedwa batting kapena wadding, ndipo chimakhala cha thonje, cha poliyesitala kapena chosakaniza. Cha thonje chimagona bwino, chimalemererapo ndipo chimachepa pang'ono chikachapidwa, pamene cha poliyesitala ndi chopepuka, chotukuka ndipo chimauma msanga. Pa pepala lake pamalembedwa kutalikirana kwa misoko kumene chapakaticho chimalola, ndipo muwerenge zimenezo, chifukwa misoko ikatalikirana kwambiri chapakati chimaduka n'kuunjikana m'ngodya chikachapidwa. Bulangete lakale lopyapyala kapena nsalu yaubweyaubweya yoyala pabedi imagwiranso ntchito bwino, ndipo kwa woyamba ili ndi ubwino wakuti siiduka mkati. Bulangete lokhuthala lipeweni, chifukwa makina wamba amavutika nalo ndipo chofunda chimachedwa kuuma.

Chapakati ndi nsalu yapansi zikule kuposa yapamwamba ndi masentimita 10 mbali iliyonse, ndiye kuti masentimita 122 ndi 152, popeza nsalu zimasuntha ndi kukokana posoka. Nsalu ya masentimita 110 sikwanira pamenepa, choncho lumikizani zidutswa ziwiri kapena gwiritsani ntchito nsalu yoyala pabedi. Ngati mudzasoka pamanja, yambani mwayesa kubaya nsalu ya pabediyo, chifukwa zina zimalukidwa mothinana kwambiri mwakuti singano imalowa movutikira.

Yalani nsalu yapansi pamalo osalala ndi aukhondo, kumaso kwake kuyang'ane pansi. Imateni ndi tepi m'mphepete, kuyambira pakati pa mbali iliyonse kupita ku ngodya, ikhale yosalala koma yosakokedwa mwamphamvu, chifukwa yokokedwa imabwerera mukachotsa tepi ndipo yapamwamba imatukuka. Ikani chapakati pamwamba pake ndi kuchisalaza ndi manja kuchokera pakati kupita kunja, kenako nsalu ya zigamba, kumaso kwake kuyang'ane kumwamba. Musanaiyale, dulani timaulusi tonse tolendewera kuseri kwake, popeza kaulusi kodera kamaonekera pansi pa chigamba chowala ndipo simungakachotsenso. Onani ndi rula kuti mizere yawongoka. Tsopano bayani pinifolo pakati pa chigamba chilichonse, idutse nsalu zonse zitatu, kuyambira pakati pa chofunda kupita m'mphepete. Ngati mapinifolo ndi ochepa, gwirizanitsani nsaluzo ndi masitichi aataliatali a pamanja, a masentimita 4 kapena 5, m'mizere yodutsa pakati pa zigamba mulitali ndi mulifupi, ndi ulusi wowala umene mudzausolole ntchito ikatha. Anthu ambiri amafulumira pa gawo limeneli chifukwa limapweteketsa msana ndi mawondo, koma makwinya a kuseri kwa chofunda amachokera pomwepa.

Kusoka zitatuzo pamodzi

Njira yosavuta ndi kusoka mizere yowongoka motsatira misoko ya zigamba, mamilimita 5 pambali pa msoko uliwonse, mulitali ndi mulifupi. Mizere yotere imatalikirana masentimita 10, siidutsa pa mapinifolo, ndipo simufunika kulemba chilichonse pa nsalu. Pa makina, potsatira misoko italiitali yolumikiza mizere ija, ndi bwino kusoka kumbali imene msoko wagonera, chifukwa mzere watsopanowo umaupanikiza ndi kuulimbitsa. Ikani singano ya nambala 90/14 ndipo talikitsani masitichi afike mamilimita 3. Pali phazi lapadera la makina lotchedwa walking foot, limene limayendetsa nsalu yapamwamba mofanana ndi yapansi. Ngati mulibe, chepetsani mphamvu imene phazi limapondera nsalu ngati makina anu amalola, sokani pang'onopang'ono, ndipo manja onse awiri agone mbali ndi mbali ya singano kuti nsalu ikhale yosalala.

Yambani ndi mzere wapakati woyenda mulitali, kenako wapakati woyenda mulifupi, ndipo kuchokera pamenepo pitirizani kulowera m'mphepete, kuti nsalu yochuluka izikankhidwira kunja m'malo motsekeredwa pakati. Mbali imene ikulowa mkati mwa makina ikulungeni. Chofunda chonse chigone pa tebulo, chisalendewere, chifukwa kulemera kwake kumakoka singano ndipo masitichi amafupika ndi kukhota. Pakatha mizere iwiri kapena itatu tembenuzani muone kuseri, pakuti mpindo ukapezeka msanga mumamasula mzere umodzi wokha.

Pamanja ntchitoyi imatenga nthawi, koma chofunda chake chimafewa kwambiri. Pamene zingatheke, sokani kumbali imene msoko sunagonere, kumene nsalu ndi zochepa. Mkombero wamtengo umathandiza kugwira nsalu, ndipo kachipewa kachitsulo kovala ku chala kamateteza chala chokankha singano. Ulusi usapitirire masentimita 45, chifukwa wautali umapotana ndi kuperepeseka. Mangani mfundo yaing'ono, lowetsani singano pa nsalu yapamwamba yokha chapatali pang'ono ndi poyambira, ituluke poyambirapo, ndipo kokani ulusi mwadzidzidzi pang'ono kuti mfundoyo ilowe n'kubisala m'chapakati. Masitichi adutse nsalu zonse zitatu ndipo akhale ofanana, ngakhale atakhala aakulu pang'ono, popeza kufanana ndiko kumaoneka bwino ndipo kuchepa kumabwera kokha dzanja likazolowera. Ilipo njira ina yachangu yomanga mfundo za ulusi wokhuthala pa mphambano iliyonse m'malo mosoka, koma pa chofunda cha mwana sindiilimbikitsa, chifukwa chimachapidwa kawirikawiri ndipo ana amakonda kutosa mfundozo mpaka kuzimasula.

Mpendero

Chotsani mapinifolo onse, muwawerenge ngati mungathe, ndipo dulani chapakati ndi nsalu yapansi zilingane ndi yapamwamba, ngodya zikhale zowongoka. Kuzungulira chofunda chonse ndi masentimita 468, ndipo mukaonjezera a ngodya ndi polumikizira mufunika lamba wa nsalu wa mamita pafupifupi 5. Dulani malamba asanu a masentimita 7 mulifupi modutsa nsalu ya masentimita 110, kapena a masentimita 8 ngati chapakati ndi chotukuka. Polumikiza malamba awiri, ayang'anitseni kumaso mopingasana kumapeto kwake, sokani chopendeka kuchokera ngodya kupita ngodya, dulani chotsalacho ndi kusita msokowo motsegula. Msoko wopendeka umamwaza kukhuthala kwake, pamene wowongoka umasiya chotupa pa mpendero. Pindani lamba yense pakati mulitali, kumaso kukhale kunja, ndipo musite. Mpendero wa nsalu ziwiri chonchi ndi woyenera chifukwa m'mphepete ndimo mumayamba kutha pa chofunda chilichonse.

Kumapeto kumene mukuyambira, tsegulani lambayo, pindirani nsonga yake mkati sentimita imodzi, ndipo mupindenso monga analili. Yambirani pakati pa mbali yaitali, osati pa ngodya. Gonekani lamba pamwamba pa chofunda, mphepete zake zodulidwa zilingane ndi mphepete ya chofundacho, siyani masentimita 10 oyambirira osasoka, ndipo sokani sentimita imodzi kuchokera kunja. Mukatsala sentimita imodzi kuti mufike pa ngodya, imani, bwererani m'mbuyo masitichi awiri kapena atatu, ndipo chotsani chofunda pa makina. Chitembenuzeni kuti mbali yotsatira ikhale yokonzeka kusokedwa. Pindirani lamba m'mwamba, kutali ndi chofunda, kuti apange mpindo wopendeka pa ngodyayo, kenako mubwezereni pansi motsatira mbali yatsopanoyo, mpindo wachiwiriwu ulingane ndi mphepete imene mwangomaliza. Yambani kusoka kuchokera kumphepete kwenikweni ndi kupitiriza. Chitani chimodzimodzi pa ngodya zonse zinayi. Mukayandikira poyambira paja, dulani lamba wotsalayo mosiya masentimita 3 opitirira, lowetsani nsongayo mkati mwa nsonga yopindidwa ija, ndipo malizani msoko.

Tembenuzirani mpendero kuseri kwa chofunda kuti mpindo wake uphimbe msoko wa makina, ndipo usokeni pamanja ndi ulusi wofanana nawo mtundu. Singano izitola pang'ono nsalu yapansi ndi chapakati, osatulukira kumaso, kenako izitola mpindo wa mpendero, masitichi atalikirane mamilimita 5. Pa ngodya pindani mbali imodzi kaye, kenako inzake pamwamba pake, ndipo mpindo wopendeka udzaoneka kuseri monga waonekera kumaso. Utsekeni ndi masitichi atatu kapena anayi. Ine ndimaona kuti n'koyenera kusoka dzina la mwanayo ndi chaka pa kansalu kakang'ono n'kukasokerera pa ngodya ina ya kuseri, chifukwa zofunda zotere zimakhalitsa ndipo zimadutsa m'manja mwa ana angapo a m'banja.

Kuchapa ndi kukonza

Chapani chofunda musanachipereke kwa mwana, m'madzi ozizira kapena ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma, kuti mizere ya pensulo ichoke ndiponso muone ngati pali msoko umene wamasuka. Musachipotokole pofinya, koma chipanikizeni kuti madzi atuluke. Poyanika chitambasuleni pa zingwe ziwiri kapena zitatu, chifukwa chofunda chonyowa chimalemera ndipo chikalendewera pa chingwe chimodzi misoko imakokeka. Chiume pamthunzi podutsa mphepo, popeza dzuwa lamphamvu limasulutsa mitundu, ndipo chiume mpaka mkati musanachipinde, kuopa nkhungu. Chikauma mudzaona timakwinya tating'ono m'mbali mwa misoko, makamaka ngati chapakati ndi cha thonje. Amenewa si vuto ndipo safuna simbi.

Patapita zaka chigamba china chidzang'ambika, ndipo musachichotse. Dulani chatsopano cha masentimita 12 kuchokera pa nsalu yochapidwa kale, pindirani mphepete zake mkati sentimita imodzi mbali zonse, chisiteni, chiikeni pamwamba pa chong'ambikacho ndi kuchisokerera pamanja mozungulira ndi masitichi obisika monga a mpendero aja. Kenako bwerezani mizere imene inadutsa pa chigamba chakalecho, singano idutse nsalu zonse mpaka kuseri, kuti chatsopanocho chigwirane ndi chapakati monga zinzake.